Seveni Handiredi ya Ababa

Ndinali kusuka mbale pakhonde pamene amayi anagwetsa beseni la zovala zochapa kale. Zonse zinakhuthukira m'fumbi, koma iwo sanaziyang'ane n'komwe. Maso awo anali panjira yochokera ku siteji.

Amene ankabwerayo anali amalume a Josiah, mlongo wawo wa amayi, a ku Tsangano. Pamutu anasenza thumba la mbatatesi, kumanja sutikesi yomanga ndi mphira, bulangete lili paphewa, dzuwa lonse lija la Okutobala. Ku Mgona kuno mlendo wa kumudzi timamuwerenga akadali patali. Wa masiku awiri amabwera ndi kachikwama. Wabulangete ndiye kuti wasamuka.

"Achimwene, kwagwanji?" anafunsa amayi, manja ali pachifuwa. "Ndani watisiya?"

"Kulibe maliro, mlongo wanga. Ndabwera kudzayamba ntchito."

"Ntchito yake iti?"

"Ya alamuwa, ya ku Kanengo. Ya seveni handiredi ija."

Atatero anatembenukira kwa ine n'kumwetulira ngati munthu wothokoza. Mbale imene inali m'manja mwanga ndinaisuka katatu.

Ndikuuzeni zoona, pakamwa panga nkhani sigonapo. Dzina langa ndine Ennie, koma kumpopi amanditcha Wailesi. Amene wathamangitsidwa ukwati, amene wagula wailesi pomwe ana alibe nsapato, amene mimba yake sikugwirizana ndi tsiku la chinkhoswe, zonsezo mukafunse ine. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma kuwerenga ndimatha, ndipo kuwerengako ndi kumene kunandipalamulitsa.

Ababa amanyamula mabelo a fodya pa kampani ina ku Kanengo. Mwezi wa Julaye chaka chimenecho, cha 1996, ndikuchapa buluku lawo, ndinapeza kaenvelopu ka malipiro m'thumba. Ndalama munalibe, koma nambala inalipo: seveni handiredi ndi timakwacha tina pamwamba. Unali mwezi umene ankagwira mpaka Lamulungu, kubwera kunyumba akununkha fodya, kugona osatsiriza kuvula nsapato. Nambalayo ndinaisunga mumtima ngati siwiti yobisa m'tsaya.

Mu Ogasiti ine ndi amayi tinapita ku Tsangano kukaika chiliza pamanda a agogo. Tsiku la mwambowo azimayi tinakhala kuseri kwa khitchini kusenda mbatatesi, ndipo msuweni wanga Keziah, mwana wa amalume a Josiah, anayamba kundiputa monga mwa chisuweni.

"A m'tauni inu, ulendo wonsewu shuga paketi imodzi? Taonani timikono. Kodi kwanuko mumadya, kapena mumangonunkhiza? Bambo ako amagwiradi ntchito, kapena amangoperekeza anzawo?"

Anthu anaseka. Ine kusekedwa sindimakupirira.

"Ababa amalandira seveni handiredi pamwezi," ndinatero, osakweza mawu, kuti amve kuwawa bwino.

Mipeni yonse inaima. Mayi wina anati waganyu kumeneko amalima kuyambira mame mpaka dzuwa kupendeka, faifi kwacha. Wina anati mlonda wa pagolosale ya a Weston amalandira nainte pamwezi, ndipo amayenda ngati bwana. Ine nditaona kuti maso onse ali pa ine, ndinathira mchere. Ndinati pageti la kampani safunsa satifiketi, amangoloza amuna amphamvu n'kuwalowetsa. Zimenezo ababa ananenapo ndithu.

Zimene sindinanene n'zakuti fodya amatha. Kuti ikafika Seputembala kampani imaimitsa anthu, ndipo ababa amakhala miyezi isanu ndi umodzi akusaka maganyu oumba njerwa. Kuti seveni handiredi ya Julaye ndi imene timadya mu Janyuwale. Sindinabise dala. Palibe anandifunsa, komanso nkhani ikamakoma munthu suithira madzi.

Tsono tsiku limene amalume anafika, ababa anali kuseri kwa nyumba akukhoma chidendene cha nsapato. Anabwera, anapereka moni, anamva zonse. Kenako anapukuta manja pabuluku.

"Alamu, fodya anatha. Ifenso anatiimitsa masabata awiri apitawa. Geti adzatsegula mu Epulo."

"Epulo," anatero amalume, ngati akulawa mawuwo.

"Ndiponso si mwezi uliwonse umafika pamenepo. Wina foro handiredi, wina firii."

Amalume anayang'ana sutikesi yawo. Amayi ndi amene anafunsa funso limene tonse tinkaliopa.

"Nanga dimba mwasiyira ndani?"

"Ndabwereketsa kwa a Weston. Zaka zitatu."

"Dimba la amayi?"

"Anandipatsa wani sauzande. Ina ndasiyira amake Keziah, ina ndagulira nsapatozi, ina yathera panjira. Ndimati miyezi iwiri ya kuno ndikhala nditaipeza kale."

Amayi anakhala pansi pomwepo, padothi. Dimba limenelo lili m'mbali mwa kamtsinje kosaphwa. Amalume ankakololamo katatu pachaka, kabichi, mbatatesi, anyezi, ndipo ngakhale ndalama sizinkaoneka zambiri, kunyumba kwawo sikunagonedwepo ndi njala. Ifenso matumba amene ankatitumizira pa lole ankachokera momwemo.

"Nkhani ya seveni handirediyi munaimva kwa ndani?" anafunsa amayi.

Amalume anandiyang'ana kamodzi, kenako anayang'ana kudenga.

"Zimangomveka, mlongo. Mphepo."

Amayi sanafunsenso. Anatola zovala zija m'fumbi chimodzichimodzi, n'kundipatsa beseni osandiyang'ana. Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandimenya.

Malume sathamangitsidwa. Anagona pabalaza, ife ana tinapanikizana kuchipinda. Sabata isanathe alandilodi anabwera kudzanena kuti munthu wamkulu akawonjezeka, lendi imakwera ndi twente kwacha chifukwa chimbudzi chimadzaza msanga. Amalume anamva ali m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ankadzuka n'kupita kutchire la kuseri kwa njanji, ngakhale ndalamayo inali itaperekedwa kale.

M'mawa wina anati andiperekeza kumpopi, anyamule okha madzi awo osamba. Titafika ndinapereka matambala kwa mayi wogulitsa.

"Ukulipira chiyani?"

"Madzi, amalume. Twente tambala ndowa."

"Madziwa?"

Azimayi a pamzere anaseka, amene ndinkaseka nawo masiku onse. Wina anati, "Wailesi, alendowa ndi a kuti? Auze kuti kuno chaulere ndi moni yekha." Tsiku limenelo sindinayankhe kanthu, mpaka wina anandigwira pachipumi kuona ngati ndadwala.

Pobwerera tinadzera pamsika. Amalume anaima pa mayi wa ndiwo zamasamba, akuyang'ana timitolo ta chisoso ndi bonongwe.

"Izinso amagulitsa? Kwathu timapalira n'kutaya kumalire."

Pabenchi lotsatira panali mbatatesi, zisanu pamulu, faifi kwacha. Anatola imodzi, anaikanda ndi chikhadabo, anainunkhiza. "Ya kwathu iyi," anatero. Anaibwezera pamulu mosamala, n'kuyenda patsogolo panga.

Ntchito anaisaka, ndisawanamizire. Ankanyamuka wapansi kuti asalipire minibasi. Ku Area 25 anapeza pofuna mlonda, thu handiredi fifite. Anamva kuti ku Area 10, kwa mabwana, ntchito yomweyo ndi foro handiredi, koma kumeneko ankafuna kalata ya kumene unagwirako kale, ndipo khasu sililemba kalata. Atabwerera ku Area 25 anapeza atalemba wina. Madzulo ake ndinawamva akucheza ndi ababa pakhonde.

"Chibonga chake chomwecho, tulo take tomweto tosagona. Uku nainte, uku thu fifite, uko foro handiredi. Dziko limodzi."

"N'chimodzimodzi, alamu," anatero ababa. "Wa foro handirediyo pofika pa fifitini amakhala alibe ya sopo."

"Kwathu nainte kwacha imagona m'thumba mpaka mwezi kutha. Ya kuno imatuluka pakhomo isanakupatse moni."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunali kwa pamaliro.

Thumba la mbatatesi linatha. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo amalume ankasamba m'manja msanga, kunena kuti m'mimba mwawo simukuyenda bwino. Ine kumpopi ndinkangotunga n'kubwerako. Nkhani zinkandidutsa, zina zokoma ndithu, za mkazi wa telala ndi kondakitala, koma lilime linkalemera.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala, masana. Amayi anali kumsika, ababa ku njerwa. Amalume anaima pakhomo akuonera madzi akuthamanga pakati pa nyumba, atanyamula mapepala ndi zikoko za nzimbe. Anaima nthawi yaitali.

"Mphwanga, tenga pepala ndi pensulo."

Ndinang'amba tsamba pakati pa kope langa lakale, ndinakhala pamkeka, n'kutsamiritsa pepalalo pa thireyi.

"Lemba kuti, Okondedwa a Weston. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ine kuno ndili bwino."

Ndinalemba.

"Cholinga cha kalatayi n'chakuti ndikubwerera sabata yamawa. Ndikudziwa kuti nyengo ino mufuna anthu aganyu. Ndikupempha kuti mundisungire malo m'dimba langa."

Pensulo inaima yokha. "Amalume, mukagwire ganyu momwemo?"

"Lemba. Unene kuti ine ndimadziwa pamene madzi amadzera mvula ikakula. Akapanda kutsegula ngalande ya kumtunda kwa nthochi mwezi uno, kabichi yense apita ndi mtsinje. Unene kuti faifi kwacha patsiku ndivomera, ngati ena onse."

Ndinalemba, koma zilembo zinayamba kusambira. Mawu amene ndinawasunga masabata asanu ndi limodzi anatuluka okha, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwanga anatuluka movuta.

"Amalume, ndine ndinauza Keziah. Ndinaona envelopu m'buluku la ababa."

"Ndikudziwa."

"Sindinanene zoti fodya amatha."

"Nambalayo unapeka?"

"Ayi."

"Ndiye basi. Pakamwa panali pako, miyendo inali yanga. Tawerenga ndimve."

Ndinapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, monga tinkachitira m'kalasi. Iwo ankagwedeza mutu pa chiganizo chilichonse. Nditafika pamene panali mawu akuti m'dimba langa, anakweza dzanja.

"Ndinanena choncho?"

"Eya."

Anayang'ana panja. Mvula inali itachepa, kudenga kukungodontha mu ndowa imene amayi amaika pakona.

"Fufuta pamenepo. Angaone ngati ndikukayamba milandu. Ulembe kuti lanu."

Labala ndinalibe. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kutikita, monga tinkachitira kusukulu. Mawuwo anakana kuchoka, anangoda. Ndinatikitanso mwamphamvu, ndipo pepala linabooka. Ndinalemba lanu pamwamba pake, tizilembo tating'ono topanikizana.

"Ndilembenso ina, amalume. Iyi yaonongeka."

"Mapepala amagula," anatero.

Anatenga kalatayo, ngakhale kuwerenga sadziwa, n'kuikweza chakukhomo kumene kunali kuwala. Anaiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi, mzere ndi mzere. Atafika pakabowo paja anaima, n'kuphimbapo ndi chala chachikulu.