Zala za Telala

Dokotala anajambula kadontho papepala, n'kukazunguliza ndi cholembera.

"Mankhwala atsopanowa timawatsekera m'timipira tosaoneka ndi maso," anatero. "Timipirato timayenda m'magazi mpaka pachotupa cha m'matumbo, n'kukatsegukira pomwepo. Akadali pa kafukufuku, ndiye malo ndi ochepa. Tikuyamba ndi odwala amene mankhwala akalewa akuwawononga zala. Nanga inu bambo, zala zili bwanji?"

Telalayo analowetsa manja pansi pa chipewa chimene chinali pamaondo pake.

"Zili bwinobwino, adokotala."

Mwana wake wamkazi, amene anakhala pampando wa kukhomo, anadabwa. Bwinobwino wake uti? Chiyambireni mankhwala a khansa, zala za bambo ake zinachita dzanzi. Mabatani a malaya amene anavalawo anachita kuwamangira iyeyo m'mawa. Kushopu singano inkawapulumuka osadziwa n'komwe. Mtsikanayo anatsegula pakamwa, koma kutsutsa bambo pamaso pa anthu anali asanayesepo.

Namwino amene ankalemba pambali anaseka. "Awa ndi atelala anga, adokotala. Diresi la ukwati la mng'ono wanga akusoka ndi iwowa. Zala zawo n'zachitsulo."

"Ndiye tipitiriza akale omwewo," anatero dokotala, n'kutseka faelo.

Mtsikanayo anayenda pambuyo pa bambo ake mpaka pamasitepe.

"Ababa, mwanamiranji?"

"Sunamuone kasitomala wanga uja? Akangomva kuti telala sakugwira singano, mawa aliyense wadziwa. Ndizisokera ndani?"

"Nanga zala zikaferatu, muzisoka ndi chiyani?"

"Iwe, kundiyankhaku wayamba liti?"

Mtsikanayo anawasiya atatsamira khoma, n'kubwerera kuchipinda cha dokotala. Pachitsekopo anaimapo nthawi asanagogode. Anatsegula ndi namwino yemwe uja.

"Mwaiwala chiyani, achemwali?"

"Ndimafuna adokotala. Paokha."

"Ali ndi wodwala wina. Uzani ine."

Mtsikanayo anayang'ana nsapato zake. Mawu anatuluka otsika kwambiri moti namwino anachita kuwerama.

"Bambo zala sizikumva kanthu. Papita miyezi iwiri."

Kumwetulira kwa namwino kunatha. Anapukusa mutu.

"Mawu a mwana sasintha faelo. Anene okha mwiniwake, ndipo lero lomwe. Mayina a olowa m'kafukufuku tikutumiza madzulo ano."

Mtsikanayo anathamangira kumasitepe, koma bambo ake sanawapeze. Atasuzumira pawindo anawaona akutuluka pageti pang'onopang'ono, osacheuka.