Tizilombo Toleredwa ndi Shuga

Kutchalitchi ankawatchula kuti Mayi Tizilombo, ndipo iwo ankavomera mosangalala. Zaka zawo zonse za ntchito zinathera mu labotale, kulowetsa kachidutswa ka chibadwa m'tizilombo totchedwa mabakiteriya kuti tizidya oyilo wotayikira m'nthaka. Tsono mpingo utagula malo a galaja yakale kuti pakhale bwalo losewerera ana, dothi lake lili bii ndi oyilo, mayiwa anaimirira pamaso pa anthu onse.

"Musade nkhawa, abale. Ana anga adya zonsezo."

Anthu anaomba m'manja. Kudzichepetsa tsiku limenelo anali atakuiwala kunyumba.

Ana awowo, tizilombo tija, ankawalera mwachifumu. M'mawa uliwonse ankawathirira msuzi wa shuga, kuwaika m'makina ofunditsa, uku akuwaimbira nyimbo za kwaya chapansipansi. Kuwapatsa oyilo ankamva chisoni. "Akavutika kokwanira kunjako," ankatero.

Tsiku linakwana, anawathira pabwalo paja. Mvula inagwa, dzuwa linawala, koma dothi linkanunkhabe galaja. Ana a Sande sukulu ankangosuzumira pampanda, mpira uli m'khwapa.

Mayiwa anatapa dothi n'kukaliyeza pamakina owerenga chibadwa. Tizilombo tinalimo ndithu, tamoyo. Koma kachidutswa kodyera oyilo kaja kanali katasowa. Tizilombo tikakhuta shuga mibadwomibadwo, timataya chida chimene sitikugwiritsa ntchito. Iwo eniakewo anaphunzitsa zimenezi kwa zaka zambiri, mpaka kulepheretsa nazo ophunzira mayeso.

Atafika kunyumba anafotokozera amuna awo, misozi ili lengelenge. Asanamalize, mwana wawo wamwamuna, wandevu zake kale, anaitana ali chigonere pasofa.

"Amayi, tiyi uja mwathira shuga?"

Bambowo anayang'ana mwanayo, anayang'ana akazi awo, kenako anayamba kutsokomola chifuwa chabodza.

"Sekani poyera, bambo, mungatsamwe," anatero mayiwa, nawonso phwete ndi kuseka. "Ambuye, ndine ndani ine? Ana a Israyeli munawadutsitsa m'chipululu, ine anga ndinawatsekera m'khitchini!"

Kutacha anakumbukira botolo lina limene analikankhira kuseri kwa shelefu. Tizilombo take tinkakula mochedwa, ndiye anangotithirira oyilo wakuda n'kutiiwala. Analipukuta fumbi mwamanyazi, ngati munthu wopempha thandizo kwa m'bale amene sanamuitane ku ukwati. Atayeza, kachidutswa kaja kanalimo. Anagwada pomwepo pasimenti, mawondo akulira. Koma tizilomboto tinali tochepa. Kuti tichuluke n'kuyeretsa bwalo panafunika miyezi.

Lamlungu anaimiriranso, ulendo uno mawu ali pansi.

"Abale, ana ndinawatama aja ndinawasasatitsa. Atsala onyozeka, ndipo sathamanga. Tiwadikire."

"Nanga mpira, agogo?" anafuula kamtsikana kena kumbuyo.

"Kuseri kwa nyumba yanga kuli malo, mama. Udzu wake ndi wautali, koma wotchetcha ndili naye."

Loweruka m'mawa ana anafika ndi mpira wawo. Anapeza mnyamata wandevu uja ali ndi chikwakwa m'manja, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana pawindo la khitchini momvetsa chisoni. Amayi ake anali atanyamula kale kapu ya tiyi ndi supuni ya shuga. Anaima, anapuma mozama, n'kubwezera shugayo m'chitini.

Kenako, poti mtima wa mayi suphunzira tsiku limodzi, anathiramo theka.