Tindalama ta a Lou m'Beseni

"Amayi, mwatani?"

Wai-lok anaima pakhomo la khitchini, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'manja. Mayi ake, a Sau-lan, anali atagwada pambali pa beseni lofiira, manja ali m'madzi ofuka nthunzi. Pamwamba pankayandama masamba a manyumwa. Pansi pa madziwo panali tindalama ta njuga ta malemu bambo ake, tonse, ndipo mabokosi ake anali pululu patebulo.

"Ndikutsuka, sukuona? Zovala ndatsuka, magalasi awo ndatsuka. Ukufuna izi zipite kunyumba kwa munthu ndi fungo la maliro?"

Kalanga ine! Mu Macau monse palibe amene sadziwa kuti maliro akatha, tsoka limachotsedwa ndi madzi a masamba a manyumwa. Koma nawonso osunga tindalama ta ku kasino onse amadziwa kuti kandalama ka dongo sikaviikidwa m'madzi otentha. A Lou, bambo ake a Wai-lok, ankakonza mainjini a mabwato pa doko lakale, ndipo moyo wawo wonse sanabetchepo ngakhale kamodzi. Iwo ankangosonkhanitsa tindalama ta makasino amene anatsekedwa kalekale. Mwana akafuna kukhudza, ankayamba amupukuta zala ndi malaya awo.

Wai-lok anagwada, napisa dzanja m'beseni. Madzi anali atasanduka ofiirira, ndipo tizidutswa ta golide wa zilembo tinkazungulira pang'onopang'ono pakati pa masamba. Kunali kokongola, zedi, ndipo zimenezo n'zimene zinamuwawa kwambiri.

Mlongo wake Pui-shan anatulukira kuchipinda atanyamula mulu wa mapilo.

"Masamba ndinagula ndine, achimwene, musawakalipire. Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Iwe sudziwa kanthu chibadwire. Bambo Fong akubwera masana ano kudzatiuza mtengo wa tindalamati. Tiwaonetsa chiyani, msuzi?"

Nkhani inali itakambidwa kale pa tsiku loika maliro. Mayi awo sakanatha kukhala okha m'nyumba iyi ya masitepe ambiri, mawondo atatha chonchi. Tindalama tikagulidwa bwino, adzalemba ntchito mayi wina woti azikhala nawo, iwo n'kukhalabe pano. Kupanda apo, asamukire kwa Wai-lok ndi mkazi wake ku Taipa, m'nyumba ya m'mwamba mwenimweni, imene a Sau-lan akangosuzumira pawindo amagwira khoma. Iwo anali atanena kamodzi kokha kuti kumeneko sakachedwa kutsatira amuna awo, ndipo sanabwerezenso.

Anayala tindalamato pa matawulo m'chipinda chochezera. Kunja kunali nkhungu ya m'nyengo ino, ija imalowa m'nyumba mpaka makoma kutuluka thukuta. Tsidya la doko silinkaoneka. Mabwato ankangomveka kulira, wina pafupi, wina kutali, ndipo utsi wa lubani wa patsogolo pa chithunzi cha a Lou sunkakwera, unkangoyenda chopingasa m'chipindamo.

A Sau-lan anakhala pampando wawo wa pawindo, wa mtengo wakuda. M'mawa uliwonse a Lou ankayamba augwedeza ndi zala ziwiri kumsana kwake akazi awo asanakhalepo. Ana ankaseka, ati bambo akupereka moni kwa mpando.

"Lero nyumba ikuyenda," anatero a Sau-lan, maso ali pa nkhungu. "Ngati pa sitima paja."

Ali mtsikana ankagawa tiyi pa kasino ya pamadzi, sitima yopakidwa zofiira ndi zagolide imene inkayandama pa doko lomweli. Anzawo anazolowera mafunde, iwo ayi. Ankayenda ndi thireyi mseru uli pakhosi, nyali zikuvina, mpaka mnyamata wa injini wonunkha girisi, dzina lake Lou, anayamba kuwabweretsera maula ouma oti azitafuna kuti mseru uleke.

Bambo Fong anafika ali wefuwefu, chipewa chitanyowa. Anali mnzawo wa a Lou wa kumalo omwera tiyi, kumene Loweruka lililonse ankakangana za tindalama mpaka tiyi kuzizira. Anawerama katatu kutsogolo kwa chithunzi, natembenuka, naona matawulo. Chipewa chinawagwa.

"Alamu! Mwaphika?"

"Ndatsuka."

"Iwe Lou, nkhalamba youma mutu, taona! Ine unkandimenya dzanja chifukwa cha mafuta a nyama ya bakha okha a m'zala zanga."

Anakhala pansi, natulutsa kagalasi kawo kokuzira zinthu. Anatola kandalama kobiriwira, nakagwetsa patebulo la mwala. Kanalira motsitsa, kuti phu.

"Mwamva? Dongo lenileni limayankha ngati munthu waulemu. Chabodza chimalira ngati supuni." Anakaimika cham'mbali, kanaima. "M'mphepete mukadali mwakuthwa, sikanayende m'manja ambiri. Madontho awa a m'mbali, onani, alowa mpaka m'kati, si utoto wongopaka. N'kenikeni, palibe angatsutse. Koma dzina la kasino lili kuti? Lili m'beseni. Wogula amafuna awerenge dzina la nyumba imene inagwa, aone golide akuphethira. Popanda zimenezo ndi batani la jekete."

"Tonse?" anafunsa Wai-lok.

"Tina tapulumuka, ta zithunzi zam'kati. Mungagulire mayi anu mankhwala a mawondo, osati munthu wowasamala. Madzi akatayika saoleka, mwanawe."

Pui-shan anayamba kulira mwakachetechete. A Sau-lan sanalire. Anayang'ana manja awo, pamene golide wina anali atakanirira m'makwinya a zala, ndipo anachita manyazi ngati mwana, moti Wai-lok sanathe kuwayang'ana.

Koma Bambo Fong ankafunafunabe, akusuntha tindalama ndi chala.

"Dikirani. Ka pa sitima kali kuti? Kofiira, ka maluwa oyera m'mbali. Sitima itatsekedwa anaphwanya tonse, kanatsala kamodzi kapena tiwiri padziko lonse. Lou anandionetsa kamodzi kokha, kenako ati kanapita kukagwira ntchito. Ndinamunyengerera mpaka tsitsi langa kutha! Kameneko kokha, alamu, mukhoza kukhala m'nyumba ino ndi antchito awiri."

Anafufuza m'mabokosi, m'matumba a majekete, m'chitini cha zomangira injini. Wai-lok anakwera pa kampando kusuzumira pamwamba pa kabati, fumbi likumugwera m'maso. A Sau-lan ankangowaonerera ngati anthu a m'maloto.

"Kofiira?" anafunsa pomaliza. "Ndakhalira."

Onse anatembenuka.

"Titangolowa m'nyumba muno, pansi pano mpopendekeka, mpando unkagwedera. Ndikakhalapo mutu unkazungulira, ndinkaona ngati ndabwerera pa sitima. Bambo anu anayesa kuika pepala pansi pa mwendo wake, linaphwatalala. Anayesa kathabwa, kanakula. Tsiku lina anangoti wapeza chokwanira bwino. Ine sindinafunse kuti n'chiyani, ndinangoona kufiira posesa."

Pui-shan anawadzutsa mayi ake. Wai-lok anapendeketsa mpando, ndipo Bambo Fong, ndi mawondo awo olira, anagwada nakatola ndi manja awiri.

Kanali komweko. Maluwa oyera anali m'mbali monse, atalowa m'dongo. Koma pakati, pamene panali chithunzi cha sitima, mwendo wa mpando unali utakumba dzenje losalala, ndipo mng'alu unadutsa kuchoka mbali ina kufika ina. Bambo Fong anakayang'ana nthawi yaitali ndi kagalasi. Sanakagwetse patebulo.

"N'kenikeni," anatero ndi mawu osasa. "Ndipo palibe angakagule. Chitsiru iwe, Lou. Unkadziwa bwinobwino kuti mwendo wa mpando umatani ndi dongo." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Chitsiru chenicheni."

Bwato lina linalira m'nkhungu. A Sau-lan, atatopa kuimirira, anakhala pampando uja, ndipo mpando unagwedera pang'ono chabe, kutsogolo ndi kumbuyo. Anagwira mphepete mwa windo, natseka maso, nkhope itayera.

"Basi," anatero. "Pui-shan, mawa ubwere ndi makatoni. Zolakwa ndi zanga, ndipita ku Taipa."

Wai-lok anayang'ana dzanja la mayi ake pawindo. Anakumbukira nyumba yake ya m'mwamba, imene mphepo yamkuntho ikabwera imawerama pang'ono, madzi n'kumagwedezeka m'kapu. Iye anali atazolowera. Anamva chisoni chachikulu, ndiponso manyazi, chifukwa m'mawa wonse ankangoganiza za wogula.

"Bambo Fong, tandipatsani."

"Usakakanikize, kathyoka."

"Amayi, taimani pang'ono."

Anagwada pansi ndi thalauza lake la ku ofesi, nanyamula mwendo wa mpando, nalowetsa kandalamako, dzenje lake likuyang'ana kumwamba. Mwendo unalowa m'malo mwake osavuta.

"Makatoni asabwere," anauza mlongo wake ali chigwadire. "Chipinda changa chakale chikadalipo. Ndizigona kuno masiku a ntchito, iwe Loweruka ndi Lamlungu. Mlamu wako ndikalankhula naye ndekha."

"Inuyo, achimwene? Masitepe awa, ndi mimba imeneyo?"

"Khala chete, iwe."

Anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo. Kenako anaika zala ziwiri kumsana kwa mpando, naugwedeza. Sunasunthe.

"Khalani, Amayi."