Babatoni wa M'nyumba ya Lenia

Yosiya sankadutsa mtengo osaugogoda. Mpini, mtondo, nsanamira ya nkhokwe, chilichonse ankachigogoda ndi chala n'kupendeketsa mutu kuti amve kulira kwake. Ku Pembamoyo, kumene ankakhala chikamwini, anthu ankati mwamuna wa Lenia amamvera mitengo kuposa anthu.

Philemon, mnyamata wa m'mudzimo, atabwera kuchokera ku migodi ndi gitala, anafuna kuyambitsa gulu loimba pa boma la Chadiza. Anapempha Yosiya kuti amupangire babatoni, chibanjo chachikulu cha mawu akuya chimene woimba amachita kuchikhalira. Yosiya anayeza mkono wa Philemon ndi luzi, kuti khosi la chidacho lifike pamene zala zake zimalekeza.

Ntchitoyo anaigwirira m'nyumba dzinja lonse, poopa mvula ndi maso a apongozi ake, amene ankati mkamwini ndi wa khasu. Analowetsa matabwa a mlombwa limodzilimodzi, nawalumikiza kukhala chimimba. Anakuta ndi chikopa cha ng'ombe, namanga mawaya a mabuleki a njinga. Atakoka waya woyamba, mbale za pathandala zinanjenjemera. Anakhala pansi, dzanja lili pachikopa.

Tsiku limene Philemon anabwera ndi ngolo, babatoni anakana kutuluka. Anamupendeketsa, anamuimika, anachotsa chitseko. Chimimba chinali chachikulu kuposa khomo.

"Amisiri, munayeza mkono wanga n'kuiwala khomo lanu?" anaseka Philemon. "Ingosemani m'mbalimu."

"Mawu amakhala m'mbalimo. Ndikasema, utenge mtondo uziimba."

"Ndiye gumulani khomo."

Nyumbayo anamanga ndi Yosiya, mitengo anadula yekha, koma inali ya Lenia, pamalo a mayi ake. Apongoziwo sankalankhula ndi mkamwini maso ndi maso. Anaima kuseri kwa nkhokwe, ndipo Lenia ankayenda pakati kutula mawu.

"Bambo a Monika, amayi akuti nyumba sigumulidwa mwini ali moyo. Akuti dulani chinthucho, chikopa tipange mpando."

"Kawauze kuti khomo ndilimanganso mawa."

Lenia anapita nabwerera. "Akuti mukagumula, mutulukire pomwepo, musadzalowenso."

"Nanga inu mukuti chiyani?"

"Ine ndikuti mtedza sunapaliridwe. Chaka chatha munali ndi limba, chaka chinacho ng'oma. Ine ndimalima ndekha."

Sanali kunama, ndipo Yosiya ankadziwa. Philemon anatembenuza ng'ombe zake.

"Loweruka tiimba pa boma. Ndidutsanso mawa m'mawa. Akakhala mkati, ndikafuna mmisiri wina."

Masana onse Yosiya anakhala m'nyumba. Babatoni anadzaza malo, moti mphasa anaipinda kuti apeze popondapo. Anatenga sompho, naiika pambali pa chimimba, pamene akanayambira kusema. Chala chinagogoda chokha. Thabwa linayankha bwino lomwe. Anaika sompho pansi.

Anapita pakhomo nagogoda mphuthu. Inalira ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe.

Kutacha anatenga thumba la chiguduli, naikamo sompho, tchizulo, mawaya otsala, malaya ake a kutchalitchi ndi bulangete. Lenia anamuyang'ana ali pakhomo, khasu paphewa.

"Bulangetelo ndi langa."

Yosiya analitulutsa, namanga thumba pakamwa. Kenaka anatsamiritsa nkhwangwa pamphuthu, nakhalira babatoni kudikira ngolo.