Utsi wa pa Sabata

Achimwene anga a Ninian Dalgleish anali dokotala wodziwika m'tauni monse, koma mtima wawo wonse unali pa kemisitiri. Ine, amene ndinkawasungira pakhomo, ndinatopa ndi zikopa zawo zonunkha ndi mapoto anga omwe ankangosowa kukhitchini.

Pulofesa wa kemisitiri pasukulu yaukachenjede atamwalira, aliyense ankati mpandowo ndi wa achimwene. Osankha anali akhonsolo, ndipo mawu omaliza anali a bambo Ogilvie, mkulu wa mpingo amene ankazonda m'misewu pa Sabata kufuna ogwira ntchito.

Sabata lomwelo, achimwene anasiya ng'anjo ili lawilawi kuseri, akuwotcha ndere za m'nyanja. Tikuchokera kutchalitchi, tinapeza a Ogilvie ataima pachipata, maso ali pa utsi.

Dokotala amaloledwa kugwira ntchito pa Sabata ngati pali wodwala, choncho ndinafulumira kulankhula achimwene asanatsegule pakamwa. "Ndi mankhwala amenewo, bambo. Matenda sadziwa Sabata."

"N'zoona, adokotala?" anafunsa a Ogilvie. Ankaoneka kuti akungofuna eya kuti azipita kukadya.

"Ayi, Euphemia wasokoneza," anatero achimwene. "Ndikufuna phulusa loyeretsera nsalu. Bwerani muone."

Ndinawaponda chala mwamphamvu. Iwo anangosuntha phazi n'kupitiriza kufotokoza.

"Achimwene, mutu wanu ukuyenda?" ndinawafunsa mkuluyo atachoka. "Munthu wakutsegulirani khomo, inu mukulitseka nokha?"

"Nanga ndikananama pa Sabata?"

"Wonama ndinali ine. Inu ntchito yanu inali kutseka pakamwa basi."

Mpando unapita kwa munthu wina, ndipo a Ogilvie analumbira kuti iwo ali moyo, Dalgleish sadzaphunzitsa mwana wa munthu. Chisanu chotsatira a Ogilvie anagwidwa ndi chibayo choopsa, madokotala ena n'kugwa mphwayi. Sindibisa, ndinayamba kusita mkanjo wakuda woti achimwene adzavale pa upulofesa.

Koma achimwene anapita kukawachiza. Anawachizanso chaka chinacho, ndi chinacho. Mpando unakhala wopanda munthu kawiri, ndipo kawiri konse nkhalambayo inadzuka pabedi, yamphamvu ndi mankhwala athu, kukakana dzina lathu.

A Ogilvie anamwalira mano onse atatha m'kamwa. Pamene achimwene ankakhala pulofesa, manja awo anali akunjenjemera ndi ukalamba moti ophunzira ndiwo ankawagwirira mabotolo. Usiku wa maliro a nkhalambayo ndinawapeza achimwene akulira.

"Ndikanafika msanga," anatero, "bwenzi atakhalako chaka china."