Nkhafi ya Ayub

Mabuleki a pikapu ya a Ramadhani anali atalowa mpweya, usipa uli kale m'matumba kudikira msika wa ku Khombedza. Kuchotsa mpweyawo ndi ntchito ya anthu awiri: wina amaponda buleki, wina amamasula kanati kunsi. Koma mng'ono wawo Ayub, amene ankawapondera, anapita ku Joni, n'kusiya nkhafi yake yopalasira bwato pakhonde.

A Ramadhani anatenga nkhafiyo. Ankapopa buleki, n'kuipanikiza ndi nkhafi yotsamira kumpando, kenako n'kukwawira kunsi pamchenga wotentha. Akamasula kanati, mafuta ankatuluka ndi thovu. Ankamanga, kudzuka, kukapopanso. Pofika tayala lomaliza, mchenga unali m'makutu ndi m'ndevu.

Ali chigonere kunsiko, pakamwa panayankhula pokha: "Yalimba, Ayub?"

Panangomveka nkhuku zikupalasa pansi pa thandala la usipa.

Anatuluka pang'onopang'ono, n'kukaponda okha. Buleki inali gwa. Kale Ayub akamawapondera ankachotsa phazi msanga, mpaka awiriwo kukangana tsiku lonse. A Ramadhani anapukuta nkhafi ija, n'kuibwezera pakhonde.

"Iwe sulakwitsa," anaiuza nkhafiyo. "Koma munthu angakangane nawe bwanji?"