Mjigo wa Madzi Ofiira

1.
Amatuluka oyera. Ukawasiya mu ndowa, pofika masana afiira.

2.
Nangozo, mayi wa maondo otupa, ndiye ankasesa pamjigo. Mjigo unali kuseri kwa khola lake. Mtsinje, maola awiri kupita ndi kubwera. Ankaukonda mjigowo kuposa abale ake ena, ndipo sankabisa.

3.
Zimene anthu ankanena:
magazi
manda akale pansi pake
mwini munda sanapepesedwe
magazi
Onse anabwerera kumtsinje. A Kachingwe, apampando a komiti ya mjigo, anati Loweruka autseka ndi tcheni.

4.
Lachinayi a Dzoole, mlangizi wa zamadzi, anafika pa njinga yamoto n'kuswa mwala pamaso pa anthu anayi okha, kunja kofiira kofumbutuka, mkati mwakuda, ndipo anati m'miyala muli chitsulo, madzi a pansi amachisungunula pang'onopang'ono kumene mpweya sufika, akatuluka n'kukumana ndi mpweya chitsulocho chimachita dzimbiri ngati khasu loiwalika pamvula, ndipo kalekale kusanakhale munthu kapena mtengo dziko linalibe mpweya timapumawu mpaka tizamoyo tating'ono ta m'nyanja tinayamba kuutulutsa, chitsulo cha m'nyanja chinafiira ngati mu ndowa yanuyi, ngakhale katondo mumalimamoyu ndi miyala imene mvula ndi mpweya zinadya

5.
Ndiye ndowa yangayi ikubwereza zakale? anafunsa Nangozo.
Zakalekale, mayi.
Madziwa sapha?
Ayi. Asiyeni adikhe, muwasefe, basi.
Nangozo anaseka mpaka bondo linamukumbutsa. Anasangalala kumva kuti kuseri kwa khola lake dziko likuyamba m'mawa uliwonse.

6.
Amatuluka oyera.
A Kachingwe atamva za mwala woswedwa anati sukulu ya a Dzoole akaphunzitse ana awo. Tcheni anali atagula kale.

7.
Loweruka. Dzuwa likuswa mtengo, anthu ali pamsonkhano. Nangozo anabweretsa thobwa monga ankachitira pa msonkhano uliwonse. A Kachingwe, tcheni ali pamiyendo, anamwa makapu awiri n'kufunsa ngati latsalako.

Latsala, bambo. Koma musanatseke, ndinene. Maondo awa sanapondeko kumtsinje chiyambire Isitala. Thobwa la pa ukwati wa mwana wanu, la pa chiliza cha amayi anu, la leroli. Mumaganiza ndimatunga kuti?

A Kachingwe anayang'ana m'kapu nthawi yaitali, kenako anayang'ana anthu onse aja, onenepa bwinobwino, aliyense kapu m'manja.

Thirani lina, anatero.